Tisanakumbe Maziko, Tiyambe Taona Kumene Dzuwa Likudzera

Pafupifupi mpingo uliwonse umene timachokerako uli ndi ntchito yomanga. Kwina ndi tchalitchi chimene chafika pa mawindo, kwina ndi nyumba ya abusa imene ikudikira malata, kwina ndi nyumba yogona atsikana pa sukulu ya mpingo. Ifenso ophunzira tikayamba kukamba za moyo wa pambuyo pa maphunziro, nkhani ya puloti ndi nyumba siichedwa kutuluka. Mafunso amene amamveka pa zokambirana zimenezi ndi odziwika: matumba a simenti angati, malata a geji yanji, mmisiri atenga zingati. Koma pali funso limodzi limene silimveka: kodi munthu azidzamva bwanji m'nyumbayi 2 koloko masana mu Okutobala, nanga 4 koloko m'bandakucha mu Julayi?

Ife tikuti funso limeneli liyenera kukhala loyamba, ndipo liziyankhidwa ndi manambala pulani idakali pa pepala. Nyumba ikangoima, kutentha kwake ndi kuzizira kwake kwakhazikika, ndipo okhalamo adzapirira nazo zaka makumi angapo. Alipo anthu amene anafufuza funso limeneli mpaka anasintha kamangidwe ka nyumba m'maiko ambiri. Nyumba zawo zimatchedwa Passivhaus. Sizinayambire m'nyengo ngati yathu, ndipo zina mwa njira zake zikhoza kutipha titazikopera mwachisawawa. Komabe maganizo amene anabala nyumba zimenezi ndi amene akusoweka pa makomiti athu omanga.

Nyumba yosunga zimene yalandira

Ku Germany nyengo yachisanu madzi amaundana panja, ndipo nyumba zambiri zimakhala ndi makina otentha gasi kapena mafuta amene amatumiza madzi otentha m'mapaipi a m'zipinda. Ndalama zambiri za pakhomo zimathera pamenepo. Mu 1988 akatswiri awiri, Bo Adamson wa pa yunivesite ya Lund ku Sweden ndi Wolfgang Feist wa ku Germany, anakambirana ngati n'zotheka kumanga nyumba imene ingadutse chisanu chotere popanda makina akuluakulu otenthetsera. Mu 1991 nyumba yoyamba ya mtundu umenewu inatha kumangidwa ku Kranichstein, dera la mumzinda wa Darmstadt. Unali mdadada wa nyumba zinayi zogundizana, ndipo banja la Feist linalowa m'nyumba imodzi mwa izo. Mu 1996 Feist anakhazikitsa bungwe la Passivhaus Institut, limene mpaka lero limasunga miyezo ya kamangidwe kameneka.

Dzinalo limatanthauza nyumba imene siidalira makina ogwira ntchito usana ndi usiku. Makoma ake, denga lake ndi mawindo ake ndi amene amagwira ntchitoyo ali chete. Ife Aadiventi chitsanzo chake tili nacho m'khitchini. Lachisanu, tsiku lokonzekera, madzi amawiritsidwa n'kuthiridwa mu fulasiki, ndipo m'mawa wa Sabata amapezeka adakali otentha ngakhale palibe amene wakoleza moto. Fulasiki ilibe moto m'kati mwake. Imangokana kutaya zimene yalandira. Nyumba wamba ili ngati ketulo imene imafuna moto nthawi zonse kuti isazizire, pamene Passivhaus ili ngati fulasiki.

Kuti nyumba ikhale yotero pamafunika zinthu zisanu. Choyamba, nyumba yonse imavekedwa chofunda chochindikala chosalola kutentha kudutsa, chimene m'maiko ozizira chimafika masentimita 25 kapena 30 pa khoma. Chachiwiri, mawindo amakhala a magalasi atatu otsatizana, ndipo akuluakulu amayang'ana kumene kumadzera dzuwa. Chachitatu, omanga amapewa malo amene chitsulo kapena konkire imadutsa kuchokera m'kati kufika panja, chifukwa malo otere amatulutsa kutentha monga imachitira supuni yachitsulo yosiyidwa m'phala. Chachinayi, ming'alu yonse imatsekedwa kuti mphepo isalowe pamene yafuna. Chachisanu, popeza nyumba yotsekeka chotere ikhoza kubanikitsa anthu, mumaikidwa kabokosi ka mafani awiri. Fani imodzi imatulutsa mpweya wogwiritsidwa kale ntchito, ina imalowetsa watsopano. Mipweya iwiriyi imadutsana moyandikana popanda kusakanikirana, ndipo wotulukawo umasiyira wolowawo magawo osachepera 75 pa 100 a kutentha kwake.

Chimene chimasiyanitsa kwenikweni nyumba zimenezi ndi zina n'chakuti zimayezedwa. Nyumba siitchedwa Passivhaus chifukwa mwini wake watero. Mphamvu yotenthetsera m'nyumba isapitirire mayunitsi 15 pa sikweya mita iliyonse pa chaka chathunthu, ndipo tikunena mayunitsi ofanana ndi amene timagula a magetsi. Njira ina yoyezera ndi yakuti pa tsiku lozizira kwambiri sikweya mita iliyonse isafune mawati oposa 10. Munthu amene wangokhala pansi amatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 100, choncho chipinda cha masikweya mita 20 chikhoza kufunda ndi matupi a anthu awiri. Nyumba ikatha kumangidwa amamangirira fani yaikulu pakhomo, n'kukoka kapena kukankha mpweya kuti aone kuchuluka kwa umene ukuthawira m'ming'alu. Pa ola limodzi usapitirire magawo 6 pa magawo 10 a mpweya wonse wa m'nyumbamo. Ndipo pa chaka chonse, maola amene m'nyumba mukutentha kupitirira madigiri 25 asapose limodzi mwa maola 10 alionse. Zonsezi zimawerengeredwa njerwa yoyamba isanaikidwe, kenako n'kutsimikiziridwa nyumba itatha. Nyumba ya ku Darmstadt ija itapimidwanso patapita zaka 25, inapezeka ikuchitabe zimene anaiwerengera.

Okhala m'nyumba zotere amapeza kuti zipinda zonse zimafunda mofanana, phokoso la panja silimveka kwambiri, ndipo mpweya umakhala watsopano ngakhale mawindo atatsekedwa. Zili ndi ntchito yake. Sefa ya m'kabokosi ka mafani imafuna kusinthidwa, ndipo nyumba imene anaiika magalasi ambiri osaganizira za mthunzi imatentha kwambiri m'chilimwe. Si za anthu olemera okha ayi. Ku Norwich, ku England, khonsolo ya mzindawo inamanga nyumba pafupifupi 100 za lendi pa msewu wa Goldsmith Street motsatira miyezo imeneyi, ndipo mu 2019 nyumbazo zinapata mphoto ya Stirling, yomwe ndi yapamwamba kwambiri pa zomangamanga ku Britain. Madenga ake anawapendeketsa mwadala kuti mzere umodzi wa nyumba usatchinge dzuwa la m'nyengo yozizira kwa mzere wa kumbuyo.

Zimene sitiyenera kukopera

Munthu akamva zimenezi akhoza kuthamangira kukamata mabowo onse a m'nyumba mwake. Chonde musatero. Nyumba yotsekeka ya ku Germany imapuma kudzera m'mafani amene amafuna magetsi osaduka. Kuno tonse tikukumbukira zimene zinachitika mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa miyezi yambiri. Nyumba zambiri za kumidzi kwathu sizinalumikizidwe n'komwe ku magetsi. Nyumba yomata ming'alu yonse koma yopanda njira yodalirika yosinthira mpweya imasunga chinyontho, nkhungu ndi tizilombo toyenda mumpweya. Anzathu amene akuphunzira za unamwino ndi zachipatala akudziwa mmene chifuwa chachikulu chimafalikira m'chipinda chopanda mpweya woyenda.

Choopsa koposa ndi mbaula. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena mphepo ikaomba ku Dedza ndi ku Ntcheu, mabanja ambiri amalowetsa mbaula yamakala m'nyumba n'kutseka chitseko. Makala akamanyeka pamalo operewera mpweya amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. M'nyumba zambiri chimene chimapulumutsa anthu ndi ming'alu yomweyo imene Passivhaus imatseka. Choncho amene angatseke ming'alu n'kusiya mbaula m'kati wamanga msampha.

Mawindo a magalasi atatu nawonso si athu. Anapangidwa kuti alimbane ndi kusiyana kwa madigiri 30 pakati pa m'nyumba ndi panja m'nyengo yachisanu. Ndalama zoitanitsira zenera limodzi lotere kuchokera kunja zikhoza kuchita zambiri zitaikidwa pa denga. Chimene tiyenera kutenga kwa Feist ndi anzake ndi njira yawo yoganizira: yamba wadziwa kumene kutentha kukulowera ndi kumene kukuthawira, werengera kuchuluka kwake, tseka njira zimenezo ndi kamangidwe, ndipo makina abwere pomaliza ngati akufunikabe.

Kwathu kuno mdani ali padenga

Tikafunsa funso limeneli pansi pa thambo lathu, yankho limakhala losiyana. Darmstadt ali kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene dzuwa limadutsa chapansi cha kumwera, n'chifukwa chake mawindo awo akuluakulu amayang'ana kumwera. Malawi ali pakati pa madigiri 9 ndi 17 kumwera kwa ikweta. Mu Juni dzuwa lathu limapendekera kumpoto. Koma cha kumapeto kwa Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala, m'zigawo zapakati ndi kumwera, masana limaima paliwombo penipeni. Imeneyi ndi nthawi yomwe mitambo kulibe ndipo mvula sinagwe. Ndiye kuti pa nyengo yotentha kwambiri pa chaka, mbali ya nyumba imene imalandira dzuwa lonse ndi denga.

Tiyeni tiwerengere. Masana kumwamba kukayera, dzuwa limathira mawati pafupifupi 1,000 pa sikweya mita iliyonse. Tchalitchi cha mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali chili ndi denga la masikweya mita oposa 200, ndiye kuti chikulandira mawati 200,000. Ketulo yamagetsi imadya mawati pafupifupi 2,000, choncho padengapo pali mphamvu ya maketulo 100. Malata owala amabweza gawo lina, koma malata adzimbiri kapena opakidwa utoto wakuda amamwa gawo lalikulu n'kulitsanulira pa mitu ya anthu. Onjezerani anthu 300, aliyense ndi mawati ake 100, ndipo mwayatsa maketulo ena 15 m'kati momwemo. Kenako ikani mawindo ang'onoang'ono mbali imodzi, opanda potulukira mpweya kumwamba. Pamenepo mlaliki amaima 11 koloko kuti agawe mawu a moyo, ndipo madikoni amayendayenda kugwedeza ogona.

Ambiri timati kuwodzera m'tchalitchi ndi ulesi wauzimu. Nthawi zina ndi choncho. Koma Ellen White, m'buku la The Ministry of Healing la mu 1905, analoza chala pa matchalitchi ndi makalasi opanda mpweya woyenda kuti ndiwo amachititsa tulo tambiri timene timaononga maulaliki ndi ntchito ya aphunzitsi. Buku lomwelo limaika mpweya wabwino, kuwala kwa dzuwa ndi kupuma m'gulu la mankhwala enieni a chilengedwe. Timaphunzitsa zimenezi pa misonkhano ya misasa, timazilemba pa zikwangwani, koma sizifika pa tebulo la komiti yomanga. Wophunzira amene wakhala usiku wonse akutembenuka ndi thukuta pansi pa malata sangalembe bwino mayeso m'mawa, ngakhale atadya nyemba ndi masamba mokhulupirika chaka chonse. Khanda ndi agogo, amene matupi awo salimbana bwino ndi kutentha, ndiwo amavutika koposa. Uthenga wa zaumoyo umene umathera pa mbale osafika pa denga ndi woperewera.

Nzeru yake tinali nayo

Makolo athu sankadziwa mawati, koma denga laudzu limachita ntchito yofanana ndi chofunda cha Passivhaus. Udzu wochindikala umatsekera mpweya pakati pa mapesi ake, ndipo kutentha sikudutsa msanga. Khoma lochindikala la mdindo kapena la zidina limamwa kutentha masana pang'onopang'ono n'kukutulutsa usiku. Khonde lozungulira nyumba limateteza khoma ku dzuwa ndi ku mvula yomwe. Sitikunena kuti tibwerere ku udzu. Anthu anausiya pa zifukwa zomveka: umadontha, umafuna kufoleredwa kawirikawiri, umasunga tizilombo ndipo umagwira moto. Koma pamene malata anabwera, anachotsa kudontha n'kuchotsanso chofunda, ndipo m'nyumba zambiri palibe chimene chinalowa m'malo mwake.

Alipo amene asonyeza kuti malata ndi kuzizirira zikhoza kuyendera limodzi. Francis Kéré wa ku Burkina Faso, amene anaphunzira zomangamanga ku Berlin, anamanga sukulu ya pulayimale m'mudzi wa kwawo wa Gando, ndipo inatha mu 2001. Makoma ake ndi a njerwa zadothi zopanikizidwa. Pamwamba pa makalasi pali siling'i ya njerwa, ndipo denga lamalata analikweza m'mwamba pa zitsulo, kusiya mpata waukulu woti mphepo izidutsa pakati. Dengalo limatuluka kunja ndithu n'kuchititsa mthunzi pa makoma. Anthu a m'mudzimo ndiwo anagwira ntchito yambiri ndi manja awo. Sukuluyi si Passivhaus, koma funso limene inayankha ndi lomwe lija. Mu 2022 Kéré analandira mphoto ya Pritzker, ndipo anali munthu woyamba wa ku Africa kuilandira.

Zimene tikupempha makomiti omanga

Pempho lathu loyamba silifuna ndalama iliyonse. Nyumba iime kuti makoma ake aatali ayang'ane kumpoto ndi kumwera, ndipo aafupi ayang'ane kum'mawa ndi kumadzulo. Dzuwa la kumadzulo limalowa chammbali pa nthawi imene tsiku latentha kale, ndipo palibe denga limene lingalitchinge. Dzuwa la kumpoto ndi losavuta: denga lotuluka bwino kunja limalitchinga m'miyezi yotentha pamene lili pamwamba, koma mu Juni, litapendekera kumpoto, limatha kulowa pa zenera n'kufunditsa chipinda. Nthawi zambiri nyumba imayang'anitsidwa kumsewu popanda wofunsa za dzuwa, ndipo chipinda chogona ana chimathera kumadzulo.

Lachiwiri ndi denga. Malata akhale a mtundu wowala. Pansi pake pakhale siling'i, ndipo ngati ndalama zilola, paikidwe chofunda kapena pepala lonyezimira lobweza kutentha. Mpata wa pakati pa malata ndi siling'i ukhale ndi polowera ndi potulukira mpweya. Siling'i yomweyo imachepetsa phokoso la mvula limene limaimitsa phunziro m'kalasi, ndipo mu Julayi imasunga kutentha kwa m'chipinda kuti kusathawire kumwamba. Banja limene chipinda chake chikufunda silikhala ndi chifukwa chogonera ndi mbaula.

Lachitatu ndi njira ya mpweya. Mawindo akhale mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mphepo izilowa kwina n'kutulukira kwina, ndipo pakhale mabowo ena chakumwamba, poti mpweya wotentha umakwera. Mabowo onsewa atchingidwe ndi waya wa sefa, ndipo mpata wa pakati pa khoma ndi denga, umene udzudzu wa malungo umakonda kulowera, utsekedwe kapena uikidwe sefa. Apa ndi pamene tingatengere phunziro la Passivhaus m'njira yathu: mpweya uzidutsa pamene ife taukonzera, osati pamene mmisiri anaiwala kumata.

Lachinayi ndi khoma loyenera dera. Kuyambira mu 2018 malamulo a zomangamanga m'dziko muno amaletsa njerwa zowotchedwa ndi nkhuni pa ntchito za boma, za mabungwe ndi zamalonda, pofuna kupulumutsa mitengo. Choncho sukulu ndi mabungwe akusankha pakati pa mabuloko a simenti ndi njerwa zadothi zosakaniza ndi simenti pang'ono zopanikizidwa ndi makina. M'madera okwera, kumene usiku kumazizira, khoma lolemera limathandiza chifukwa limazizira usiku n'kuchedwetsa kutentha kwa masana. Ku Nsanje, ku Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, kumene usiku nawo umatentha, chofunika kwambiri ndi mthunzi ndi mphepo yodutsa. Pulani imodzi singayenere Mzuzu ndi Nchalo. Ndipo mtengo wobzalidwa kumadzulo kwa nyumba tsiku lokumba maziko umakhala utayamba ntchito yake nyumba isanathe kupakidwa utoto.

Zimene anthu adzanena

Msungichuma adzati ndalama palibe, ndipo sakunama. Zopereka za chitukuko zimachokera kwa mayi wogulitsa tomato ndi mphunzitsi wopuma ntchito. Koma kutembenuza nyumba pa pepala n'kwaulere, ndipo kusankha malata owala m'malo mwa akuda sikuwonjezera mtengo wodandaulitsa. Siling'i ndi khonde ndiye zimadula. Funso n'lakuti ndalamazo zikupikisana ndi chiyani. Kawirikawiri zimapikisana ndi matailosi apansi, zipilala zokongoletsa pakhomo ndi magalasi akuda a kutsogolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tchalitchi chikatha n'kupezeka chotentha, pamabwera chopereka china cha mafani, ndipo olemera amayamba kukamba za makina oziziritsa mpweya, amene ngakhale aang'ono amadya pafupifupi yunitsi imodzi pa ola. Magetsi akazima zonsezo zimaima, koma khonde silizima. Ambuye Yesu pa Luka 14 anakamba za womanga nsanja amene amayamba wakhala pansi n'kuwerengera mtengo. Mtengo wa nyumba suthera pa tsiku lodula riboni.

Ena adzati mawindo ndi mabowo ambiri ndi kuitana akuba. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo ndi chifukwa chake mabanja ambiri amagona atatseka paliponse ngakhale kukutentha. Koma yankho lake limapezekanso pa pulani. Mabowo aang'ono a chakumwamba amene munthu sangalowepo, njerwa zoboola, ndi mawindo okhala ndi zitsulo ndi sefa amene angasiyidwe otsegula usiku, zonsezi n'zotheka ngati zaganiziridwa khoma lisanakwere. Zikaganiziridwa mochedwa zimafuna nyundo ndi ndalama zina.

Palinso mawu amene timamva pakati pathu pokha: Ambuye ali pafupi kubwera, nanga kuvutikira nyumba ya zaka 50 n'kwachiyani? Chiyembekezo chimenechi ndi chathu tonse, ndipo chili m'dzina lathu. Koma anthu amene anali nacho patsogolo pathu ndiwo anayamba ntchito ya mishoni ku Malamulo mu 1902, ndipo sanaleke kumanga makalasi ndi zipinda za odwala poti nthawi yatha. Pa Yeremiya 29, anthu amene anali ku ukapolo ku Babulo anauzidwa kuti amange nyumba ndi kulima minda ngakhale anali ndi lonjezo lobwerera kwawo. Pa Deuteronomo 22 pali lamulo lakuti womanga nyumba yatsopano atchingire denga lake kuti munthu asagwe, kusonyeza kuti Mulungu amamuwerengera womanga mlandu wa moyo wa amene adzagwiritse ntchito nyumbayo. Kudikira Ambuye si chilolezo chomangira mwana wa mnzathu chipinda chosagoneka. Ukapitawo suthera pa envulopu ya chakhumi. Umafika pa mitengo imene yathera mu uvuni, pa mayunitsi amene mpingo udzagule zaka zikubwerazi, ndi pa tulo ta anthu amene sanabadwe.

Ntchito ya ife ophunzira

Sitiyenera kudikira kuti tikhale akulu a mpingo. Mphamvu ya Passivhaus inali pa kuyeza, ndipo kuyeza tikhoza kuyamba chaka chino. Themometa yapakhoma siidula. Kagulu ka ophunzira kakhoza kuika imodzi m'chipinda chogona choyang'ana kumadzulo, ina m'choyang'ana kumwera, ina m'kalasi ya siling'i, ina m'kalasi yopanda siling'i, ndi ina panja pamthunzi, n'kumalemba manambala katatu pa tsiku mu Okutobala ndi mu Julayi. Tikapita ku tchuthi tikhoza kuchita zomwezo m'matchalitchi a kwathu, polemba kutentha poyamba Sukulu ya Sabata ndi potseka ulaliki. Pepala limodzi la manambala otere likhoza kusintha maganizo a komiti kuposa madandaulo a chaka chonse, chifukwa nambala ilibe mbali ndipo siinyoza munthu.

Tikapita nazo kwa akuluakulu tipite mwaulemu. Ambiri a iwo anasenza njerwa pamutu kuti ife tikhale ndi popempherera, ndipo anamanga ndi zimene anali nazo. Mmisiri wa kumudzi amadziwa za dothi ndi mphepo ya dera lake zimene sitingazipeze m'buku. Ife tibweretse masamu, iwo abweretse zaka zawo, poti mutu umodzi susenza denga. Ophunzira zamalonda awerengere mtengo wa nyumba pa zaka 20, osati pa tsiku lomanga lokha. Ophunzira zaumoyo afotokoze za mpweya, malungo ndi utsi. Ophunzira zaubusa, amene mawa adzakhale pa mpando wa bodi ya mpingo, aphunzire kufunsa kuti kumpoto ndi kuti asanavomereze pulani.

Pempho lathu kwa bodi iliyonse ndi laling'ono. Pulani isavomerezedwe popanda muvi wosonyeza kumpoto, popanda yankho la chimene chili pansi pa malata, ndi popanda kusonyeza pamene mpweya udzalowere ndi pamene udzatulukire. Mafunso atatu amenewa satenga mphindi 15 za msonkhano. Mmera mpoyamba. Pulani ikadali pa pepala, kusuntha zenera kumafuna chofufutira chokha.